Atsibweni Anga ndi Makina Osesera a ku Salisbury

Mwa anthu onse amene anandigwira dzanja pondiphunzitsa ntchito, adzukulu anga, palibe wofanana ndi atsibweni anga, alongo awo a mayi, amene anandilera kuchilendo. Senderani kuno ndikuuzeni za iwo, ndiponso za makina osesera amene manja awo anawadziwa kuposa mmene eni ake ankawadziwira. Mzinda umene mukuutcha Harare lero tinkauti Salisbury, ndipo ife a ku Nyasaland tinalimo ambirimbiri. Ena anali m'mafamu a fodya, ena m'migodi, koma amuna a m'mudzi mwathu ku Dedza ankakonda ntchito za m'nyumba: kuphika, kuchapa, kusita ndi kusamala maluwa. Wina akakhazikika ankaitana mphwake, mphwakeyo n'kudzaitananso wina, ndipo umu ndi mmene inenso ndinapitira.

Ndinawalondola ndevu zikungoyamba kumene, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, chitaganya chija cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe. Tinadzera ku Zobue, n'kuwoloka Zambezi pa Tete pa pantoni popeza mlatho kunalibe, kenaka Nyamapanda ndi Mtoko, kamba wa mbatata zootcha ndi mtedza wokazinga ali m'kansalu kamene mayi anandimangira. Ndinafika mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, mitengo ya jakaranda itachita maluwa mpaka misewu yonse yayala maluwa ogwa. Atsibweni anali khukhi m'nyumba ina ku Avondale, ndipo ankagona kukhaya, kachipinda ka kuseri kwa galaja, mmene munali bedi lachitsulo, mpando umodzi, kandulo ndi Buku Lopatulika. Anali munthu wamtali, wosafulumira kuyankhula, wa zala zazitali zodziwa kukanda buledi m'mawa ndi kumasula sikuluu madzulo. Mpaka lero ndikamva fungo la polishi wa Cobra, uja tinkapaka pakhonde lofiira titagwada, kapena la sopo wa Sunlight pa zovala zoyanika, ndimawaona ataima pakhomo la khitchini, epuloni yoyera ili m'chiuno, akuyang'ana ngati ndapukuta bwino m'makona.

Makinawo ankakhala m'kachipinda kosungiramo matsache, ataima chilili, thumba lansalu likulendewera kumpini, chingwe chitakulungidwa bwinobwino pa tizitsulo tiwiri. Anali a Hoover, mtundu umene ankautcha Junior, mutu wake wachitsulo chopepuka koma cholimba. Kwathu pansi tinkazira ndi dothi n'kusesa ndi tsache la udzu, ndiye kuona kapeti atayalidwa chipinda chonse, anthu n'kumamupondaponda ndi nsapato, chinali chinthu chachilendo ndithu. Tsiku loyamba atsibweni anaponda swichi ndi phazi, makina aja n'kuyamba kulira, thumba lija n'kufufuma kuti tuu, ndipo m'chipinda munamveka kafungo kofunda ka fumbi ndi mphira, kamene pambuyo pake ndinadzakazolowera. Ataona kuti ndabwerera m'mbuyo, anazimitsa, anachotsa pulagi kukhoma, nagoneka makinawo chagada pa nyuzipepala. "Usaope, mphwanga," anatero. "Taona, chili ndi masikuluu ichi. Amene anachipanga akanafuna kuti tisaone m'kati, akanachimata."

Ndiye anandionetsa zonse, chimodzichimodzi, chala chikuloza. Pansi, kukamwa kwa makina, kuli rola, chitsulo chobulungira chimene chili ndi mizere ya mabulashi ndiponso tizitsulo tosalala tozungulira mokhota. Pakati pali mota, ndipo kumapeto kwa mota kuli fani ndi kachitsulo kamene lamba amakolapo. Mota ikazungulira, fani imakoka mphepo kuchokera pansi, ndipo mphepoyo imanyamula kapeti pang'ono pokha kuti alekane ndi simenti. Ali m'malere choncho, tizitsulo tosalala tija timamumenya mofulumira, monga mayi amenyera mphasa ndi kamtengo ataipachika, kuti mchenga wobisala pansi pa ubweya utumphuke. Mabulashi amasesa, mphepo imanyamula zonsezo kudutsa mu fani mpaka m'thumba, kenaka mphepo ija imatulukira m'timabowo ta nsalu, fumbi n'kutsala m'kati. Tizitsulo tomenya tija a Hoover anayamba kuika mu 1926, ndipo ndi timene tinkachititsa kuti mota yaing'ono, ya mawati pafupifupi 250 okha, itulutse mchenga wodabwitsa m'kapeti wooneka ngati woyera kale. Atsibweni ankandiuza kuti ndiike dzanja pa kapeti pafupi ndi makina akulira, ndipo ndinkamva pansi pakunjenjemera. "Ukasiya kumva zimenezo," ankatero, "dziwa kuti pali chimene chadwala."

Pansi pa makinawo panali kachitsulo kolembedwa, ndipo popeza ine ndinapitako kusukulu, ankakonda kundiwerengetsa: Perivale, Greenford, Middlesex. Kumeneko, kumadzulo kwa London, ndi kumene kunali fakitale yaikulu ya Hoover, yomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo mtundu wa Junior unayamba kupangidwa mu 1935. Koma nkhani imene inkawakoma pakamwa inali ya munthu amene anayambitsa zonsezi, imene anaimva kwa mmisiri wina woyendera makinawa m'nyumba. Ku America, mumzinda wa Canton m'chigawo cha Ohio, kunali bambo wina dzina lake James Murray Spangler, amene ankagwira ntchito yosesa m'sitolo yaikulu. Anali ndi mphumu, ndipo fumbi linkamutseka pachifuwa. Mu 1907 anatenga mota yaing'ono, bokosi, mpini wa tsache ndi nsalu yovekera pilo, n'kupanga makina okoka fumbi oti munthu mmodzi angathe kuwakankha. Mu 1908 boma linamupatsa chikalata chotsimikiza kuti lusolo ndi lake, ndipo William Henry Hoover, wosoka zipangizo zachikopa zomangira akavalo, amene mkazi wake anali mbale wa Spangler, anagula lusolo n'kuyamba kupanga makina ambiri. Atsibweni akafika pamenepa ankaseka chapansipansi, n'kugwedeza mutu. "Wamva? Anali wosesa. Munthu wa tsache, mnzathu ndithu. Ndiye iwe uziopa chiyani?"

Phunziro loyamba linali la thumba. Ankati makinawa amapuma ndi thumba, ndipo thumba likadzaza kapena nsalu yake ikatsekeka ndi fumbi losalala, mphepo imasowa potulukira, makina n'kungolira osanyamula kanthu. Sankalola kuti fumbi lipitirire theka. Loweruka m'mawa tinkapita nalo kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuyala nyuzipepala yakale. Ankagwaditsa kukamwa kwa thumba pa pepalalo, n'kuponda m'mbali ndi mapazi onse awiri kuti fumbi lisathawe, kenaka n'kugwedeza kuchokera pamwamba modekha, n'kudikira kaye kuti likhazikike asananyamule. Pankatsala mulu wotuwa, wosakanizika ndi ubweya wa galu, tsitsi, tizingwe ta nsalu ndi mchenga wofiira wa ku Salisbury. Nthawi zina ankalitembenuza thumbalo, m'kati kukhala kunja, n'kulipala ndi bulashi youma. Madzi okha ayi. Ankati ukalichapa nsalu imafooka, fumbi n'kumatulukira m'mbali, ndipo udzaona pa tebulo lopukuta kale patayeranso. Pambuyo pake kunabwera mitundu ina ya Junior yokhala ndi matumba a pepala oika m'kati mwa lansalu, ndipo ntchito inapepuka, koma lamulo lawo silinasinthe: thumba lisadzaze.

Phunziro lachiwiri linali loyenda m'chipinda ndi maso usanayatse makina. M'makina a mtundu umenewu chilichonse chimene chakokedwa chimadutsa mu fani, choncho msomali, kamwala, batani, phini wa m'tsitsi kapena ndalama zikalowa zimamenya mapiko a faniyo. Phiko limodzi likabenthuka, fani imalemera mbali imodzi, makina onse amanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumadya mabeling'i a mota pang'onopang'ono. Ndiye tinkayamba tawerama, kusuzumira pansi pa mipando ndi m'mbali mwa khoma, makamaka m'chipinda chimene adona ankasokeramo. Tikatola tiki kapena sikisi, atsibweni ankaiika m'kasosa pa tebulo la pabalaza, poonekera, osanena kanthu. Ulusi wa m'mphepete mwa kapeti ankaupinda kaye pansi kuti rola isaukoke. Ndipo kakankhidwe kake kanali kapang'onopang'ono, kutsogolo ndi m'mbuyo, msana uli woongoka, chingwe chili m'dzanja lamanzere kuti chisapondedwe. Akandiona ndikuthamanga nawo ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Apatse nthawi amenye."

Lamba ndiye anali wodwaladwala pa zonse. Anali wa mphira, wobulungira, wochokera pa kachitsulo ka mota kutsikira pa rola, ndipo unkamufikira pochotsa chivundikiro chakutsogolo. Mphira imatanuka ikakhalitsa, ngakhale isaduke, ndipo lamba wotanuka amaterereka: mota ikulira bwinobwino, koma rola ikangokhudza kapeti imafooka. Atsibweni ankaika lamba wakale pambali pa watsopano kuti ndione kusiyana kwake, wakaleyo atatalika, atasalala, ming'alu yaing'ono ili paliponse. Povala lamba panali luso lake, chifukwa amafunika kupotoledwa pang'ono asanakoledwe pa kachitsulo ka mota, ndipo kupotolako kuli ndi mbali yake. Ukapotolera kolakwika amavuka, kapena rola imazungulira chobwerera n'kumalavulira zinyalala kumapazi ako. Iwo ankamuvala ndi chala chachikulu kamodzi kokha, kenaka n'kuzunguza rola ndi dzanja kuti aone ngati wakhala pamalo pake. Zala zamafuta sankalola kuti zimukhudze, poti mafuta amaononga mphira ndi kuitereretsa. Malamba osungira ankawaika m'chitini cha mabisiketi chotseka bwino, kutali ndi dzuwa, atawawaza ufa wosalala wa ana.

Rola nayo inali ndi tsiku lake. Tsitsi ndi ulusi zimakulungika pa iyo, makamaka m'mapeto mmene muli mabeling'i, ndipo zikathina rola imalimba, lamba n'kumapsa. Ankatenga lezala lakale, n'kudula tsitsilo motsata utali wa rola, n'kulisenda mosamala kuti asadule mabulashi. Akamasula m'mapetomo ankatsuka ndi parafini pa kansalu, n'kuumitsa, n'kuikamo girizi wongokwana pansonga ya kamtengo ka machesi, chifukwa girizi wambiri amaitana fumbi. Kenaka ankagwira rola m'mapeto ndi zala, n'kuizunguza pafupi ndi khutu. Yabwino inkayenda yokha kwa kanthawi, mwakachetechete. Mabulashi ankawayeza ndi kakhadi kolimba. Ankakagoneka mopingasa kukamwa kwa makina, n'kuzunguza rola, ndipo ubweya wa bulashi ukapanda kukhudza kakhadiko ndiye kuti watha. Mizere ya mabulashiyo inkasololoka, ukaika ina rola n'kubwerera mwakale, ndipo ankasintha yonse pamodzi kuti mbali ina isalemere. Pomaliza ankaona msinkhu wa kukamwa kwa makina: kukatsika kwambiri mphepo imasowa polowera ndipo kukankha kumalemera, kukakwera kwambiri kapeti sanyamuka.

Koma chimene chinkadabwitsa anthu, adzukulu anga, chinali khutu lawo ndi mphuno yawo. Makina akabwera odwala sankathamangira sikuludiraiva. Ankayamba afunsa mwiniwake kuti zinayamba liti ndipo ankasesa pati, poti ankati safunsa anadya phula. Kenaka ankayatsa kwa kanthawi kochepa, mutu atapendeketsa, maso atatsinzina. Fungo la mphira yopsa linkawauza kuti rola yalimba kapena lamba akuterereka. Phokoso la kuti khwekhwerere linali la kanthu kokodwa mu fani. Kubangula pamodzi ndi kunjenjemera kwa mpini kunali kwa phiko lothyoka. Akazimitsa ankamvetserabe mmene mota ikuimira, chifukwa mota yabwino imatsika pang'onopang'ono mpaka kuti zii, pamene ya mabeling'i ouma imalira mokhadzula n'kuima msanga. Makina ozima ndi kuyaka okha pokankha ankadziwa kuti chingwe chaduka m'kati. Fungo lowawa mphuno, la vanishi wopsa, ndi limene linkawakwinyitsa nkhope, poti limatanthauza kuti mawaya a m'kati mwa mota atentha. Nthawi zina ankaika nsonga ya sikuludiraiva pa chikuto cha mota, chogwirira chake n'kuchigunditsa kukhutu, ndipo ankandipatsa nane kuti ndimve mmene chitsulo chikuyankhulira m'katimo.

Mota ankaitsegula pokhapokha zina zonse atazichotsa kaye m'maganizo, ndipo tsiku limenelo ankasamba m'manja asanayambe. Ankayala nsalu yoyera pa benchi la m'galaja, n'kumaika sikuluu iliyonse motsatana ndi mmene waichotsera, kuyambira kumanzere kupita kumanja, kuti pobwezera ayambire kumanja. M'mbali mwa mota muli makaboni awiri, timiyala takuda tofewa tokankhidwa ndi sipiring'i, timene timapereka magetsi ku amecha, chigawo chozungulira cha motayo, podzera pa mkombero wa timizere ta mkuwa. Makaboniwo amatha ndi kukhulana, ndipo akafupika kwambiri sipiring'i imalephera kuwakankha, moto n'kumathetheka, mota n'kumadukiza. Ankasintha onse awiri pamodzi ngakhale watha ndi mmodzi. Mkombero wa mkuwa uja ukakhala wofiirira mosalala ankausiya, ankati ndi mtundu wa thanzi. Ukada ndi mwaye ankaupukuta ndi sandipepa wosalala kwambiri wa matabwa, osati uja wakuda wa zitsulo, chifukwa tinyenyeswa ta wakudayo timayendetsa magetsi ndipo tikatsakamira m'mipata timaononga. Mipata ya pakati pa timizereto ankaitokosa ndi kamtengo ka machesi kosongola. Akabwezera zonse ankatseka chitseko cha galaja kuti mude, n'kuyatsa. Timoto tating'ono tobiriwira pa makaboni sitinkawadetsa nkhawa, koma moto ukazungulira mkombero wonse ankazimitsa msanga n'kunena kuti amecha yapsa, ipite kutauni kwa okulunga mawaya. Ankadziwa polekezera pa luso lawo, ndipo sankachita manyazi kutumiza ntchito kwa amene anaiphunzira.

Za magetsi ndiye sankasekerera mpang'ono pomwe. Pulagi ankaichotsa kukhoma n'kuiika pamene maso awo akuiona, ndipo pokhapo m'pamene dzanja linkalowa m'makina. Chingwe ankachiyendetsa m'zala kuyambira kupulagi mpaka kumpini, kufunafuna pofewa, potupa kapena posweka, makamaka pamene chimalowera mumpini ndi pamene chimatulukira m'pulagi, poti ndi pamene chimapindika tsiku ndi tsiku. Chikaduka pafupi ndi kumapeto ankadula mbali yoonongekayo n'kulumikizanso bwino; chikaduka pakati ankasintha chonse, osati kumanga ndi tepi. Anandiloweza mitundu ya mawaya ya nthawi imeneyo: wofiira ndiye wa moto, wakuda wobweza, wobiriwira wopita kunthaka. Pamene mitundu inadzasintha n'kukhala ya bulauni, ya buluu ndi yobiriwira mosakaniza ndi chikasu, anandilowezanso mwatsopano. Fyuzi ikapsa ankafuna kaye chimene chaipsereza, ndipo akapeza kuti wina waikamo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ankamukhazika pansi munthuyo n'kumulangiza mpaka tiyi kuzizira. Pokulunga chingwe ankati chizikhala chomasuka, chisathinitsidwe, ndipo kuzula pulagi pokoka chingwe chinali chinthu chimene sankafuna kuchiona ndi maso.

Mbiri imayenda ndi antchito a m'nyumba. Posakhalitsa makhukhi ndi anyamata a m'nyumba zoyandikana anayamba kubwera Lamlungu masana, tikachoka ku mapemphero a CCAP, wina atanyamula makina paphewa, wina atamanga panjinga. Ambiri ankabwera ali ndi mantha, chifukwa makina akaonongeka m'manja mwa wantchito, mlandu unkagwera iyeyo, ndipo ndalama zinkadulidwa pa malipiro ochepa omwewo. Atsibweni ankawakhazika pa mabokosi pamthunzi, ine n'kuteleka tiyi pa pulaimasi, ndipo pankamveka Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chishona, nkhani za kumudzi, za mvula, za amene walandira kalata ndi amene watchona. Iwo ali phee pa benchi, magalasi ali pamphuno. Kawirikawiri matenda ankakhala aang'ono, lamba, tsitsi, kapena thumba lotsekeka, ndipo dzuwa lisanalowe munthu ankabwerera akumwetulira, Lolemba adona osadziwa n'komwe kuti panali vuto. Kwa anthu oterewa sankalandira ndalama. Wina ankabwera ndi shuga pang'ono, wina ndi usipa umene mbale wake wabwera nawo kuchokera kunyanja. Ndipo sankamulola munthu kuchoka asanamuonetse chimene chinalakwika ndi mmene angachipewere, kuti ulendo wina adzathe yekha.

Kenaka zinthu zinasintha m'dzikomo. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith linalengeza kuti ladzipatula ku ulamuliro wa Britain. Britain inatseka malonda, bungwe la United Nations linatsatira mu 1966, ndipo mu 1968 linakhwimitsa chiletsocho. Katundu wochokera ku England anayamba kusowa m'masitolo. Wina ankalowabe kudzera ku South Africa, koma mwa apo ndi apo ndiponso modula. Apa m'pamene luso la atsibweni linaonekera bwino. Makina amene ena ankawayesa akufa iwo ankawapempha, n'kuwamasula, n'kusunga chilichonse m'zitini zolembedwa: mafani m'china, masipiring'i m'china, mawilo ndi masikuluu m'china. Makina awiri akufa ankatulutsamo amodzi amoyo. Makaboni akasowa ankagula aakulu a mota zina n'kuwapala pa sandipepa, kuyeza ndi kupalanso, mpaka alowe m'malo mwake osalimba komanso osagwedera. Thumba likang'ambika ankaika chigamba m'kati, ndipo likatheratu ankasoka lina. Posankha nsalu ankaiika pakamwa n'kuuzira, kuti amve ngati mpweya ukudutsa movutikira pang'ono, chifukwa yothina kwambiri imatsamwitsa makina ndipo yolekana imataya fumbi. Lamba akasoweratu ankadula mphira ya chubu cha galimoto kuti ntchito iyende kaye, koma ankamuuziratu mwiniwake kuti ndi wongodikirira, sakhalitsa.

M'zaka zimenezo anasiya kubwera antchito okha. Magalimoto anayamba kuima pageti, eni nyumba akutsika okha ndi makina awo, akufunsa za khukhi wa ku Malawi wodziwa kukonza. Abwana a panyumbapo anawalola kugwiritsa ntchito ngodya ina ya galaja, ndipo awa ankalipira ndalama. Ndinkaona munthu wa udindo wake ataima pambali pa benchi, manja ali kumbuyo, akumvetsera atsibweni akufotokoza za makaboni modekha, m'Chingelezi chawo chochepa. Masiku amenewo bambo wa imvi zake ankaitanidwa ngati mwana m'nyumba zambiri za mumzindamo, koma pa benchi paja amene ankayankhula anali iwo. Sanadzikweze nazo. Ankangopukuta mutu wa makina ndi nsalu mpaka uwale, ngakhale munthu sanapemphe, n'kuwaimika bwino, n'kukulunga chingwe, chifukwa ankati chinthu chochoka m'manja mwako chimanyamula dzina la kwanu. Ndalama za pa benchi ankazisunga padera, ndipo ndi zimene zinagula malata a nyumba ya mayi anga ndi kulipirira sukulu ana atatu a m'banja mwathu.

Atakalamba anabwerera ku Dedza, pakati pa zaka za m'ma 1970, ndi njinga, bokosi la zovala ndi thumba lachikopa la zipangizo. M'mudzi munalibe magetsi, munalibe kapeti, ndipo Hoover sanaionenso. Koma manja aja sanagone. Pakhonde pawo pankabwera mapulaimasi otsekeka, nyali, makina osokera a Singer, njinga ndi mawayilesi, ndipo kachitidwe kanali komwe kaja: kufunsa kaye, kumvetsera, kununkhiza, kuyala nsalu yoyera, kuika masikuluu motsatana. Ana a m'mudzi ankawazungulira, ndipo aliyense ankapatsidwa kanthu koti agwire. Ena mwa anyamata amene lero akukonza njinga ndi zigayo kwathu kuno anaphunzira kwa anthu amene anakhalapo pakhonde limenelo. Tsiku la maliro awo kunabwera nkhalamba zina kuchokera ku Ntcheu ndi ku Lilongwe, anzawo a ku Salisbury, ndipo usiku wonse pa siwa ankakumbutsana za Lamlungu la m'galaja, wina akufotokoza mmene anapulumukira kuchotsedwa ntchito chifukwa cha lamba mmodzi.

Tsopano ena a inu muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ena ku Britain, ndipo ndimamva kuti mukugwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'malo osamalira okalamba, mukukankha makina a pulasitiki opanda thumba. Musaichitire manyazi ntchito imeneyo, inatimangira nyumba ife. Makinawo asintha maonekedwe, koma ambiri oimirira akadali ndi rola, lamba, mota ndi chingwe, ndipo m'malo mwa nsalu ya thumba muli zosefera zimene zimatsekeka chimodzimodzi. Akafooka m'manja mwanu, zulani pulagi, muwagoneke chagada pa nyuzipepala, muone tsitsi la pa rola, muone lamba, muone ngati mphepo ili ndi njira, muyendetse chingwe m'zala. Za m'kati mwa mota ngati simunaphunzire, pitani nazo kwa mmisiri, ndipo muimirire pambali pake akamakonza, muzifunsa. Mukadzapeza Junior yakale pa msika wa kaunjika kapena m'galaja la agogo ena kumeneko, muipemphe, muitsegule modekha, muike masikuluu motsatana. Ndipo mukadzabwera kudzationa, mudzandiuze zimene munapezamo, ndidzakuuzani kuti inkadwala chiyani.